Diresi la m'chilimwe: mmene mungasankhire patani musanadule chitenje

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji, ndipo ndangophunzira kumene kusoka pa makina opalasa amene mayi anga anandisiyira. Ndili ndi chitenje cha mamita 4 chimene mlamu wanga anandigulira ku Chipata, ndipo ndikufuna kudzisokera diresi loti ndizivala m'miyezi yotentha, kuntchito ndi kutchalitchi komwe. Chaka chatha ndinasoketsa diresi potengera chithunzi cha pa Facebook, koma ndinangolivala kawiri chifukwa linkandithina m'khwapa, thukuta n'kumachita kuyenderera kumsana. Kodi ndisankhe patani yotani, nanga ndingaipeze kuti?

Yankho: Amayi, ndasoka ndi kuphunzitsa kusoka kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo dandaulo longa lanuli limandipeza chaka ndi chaka, makamaka Tsiku la Anakubala likangodutsa pa 15 Okutobala, pamene amayi ambiri amakhala atalandira zitenje zatsopano kwa ana awo ndipo aliyense amabwera ndi foni m'manja kudzaonetsa sitayilo imene waikonda. Chithunzi pachokha chilibe mlandu, koma wojambulidwayo amakhala ataima nji kwa kamphindi pamalo ozizira, mimba ataikokera m'kati, pamene inu mumaima m'kalasi ya malata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, dzanja lili m'mwamba pa bolodi, ndipo poweruka mwina mumakwera kabaza. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kuchigawo chapakati kutentha kumapitirira madigiri 30 masana. Choncho patani ya diresi la nyengo imeneyi imasankhidwa poyang'ana zimene thupi lanu lidzachite mutalivala ndiponso nsalu imene muli nayo kale m'manja, ndipo kukongola kwa sitayilo kumabwera pambuyo pa ziwirizi.

Tiyambe ndi nsaluyo, chifukwa patani ingakhale yabwino motani, siingaziziritse nsalu yosalowa mpweya. Zitenje zimene zadzaza m'misika masiku ano, kaya zalowera pa Mwami kaya zachokera ku Tanzania, sikuti zonse ndi za thonje lokhalokha. Zina ndi za poliyesitala kapena zosakaniza, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi wakisi weniweni. Dulani kachidutswa kakang'ono kumapeto kwa chitenje chanu, mukaike pa mbale yachitsulo n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake n'la pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa limene limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Poliyesitala amakwinyirira ndi kusungunuka, n'kusiya kanthu kolimba kakuda ngati jumbo yopsa. Kusiyana kwake pathupi n'kwakuti thonje limamwa thukuta n'kulilola kuti liume ndi mphepo, pamene poliyesitala salimwa, motero thukutalo limangotsakamira pakati pa khungu ndi nsalu. Mukapeza kuti chitenje chanu n'chosakaniza musachitaye, koma dziwani kuti chidzafuna patani yotakasuka kwambiri kuposa imene mukanasankha chikanakhala cha thonje.

Ndikukhulupirira kuti diresi lanu la chaka chatha linali ndi layining'i, nsalu ya m'kati yoterera ija, kuyambira kuphewa mpaka kumpendero. Atelala ambiri amaiika mwachizolowezi, chifukwa imabisa misoko yosamalizidwa bwino ndipo imachititsa diresi kuoneka lamtengo likapachikidwa pakhonde, koma layining'i yotere pafupifupi nthawi zonse imakhala ya poliyesitala, ndiye kuti mwini wake wavala thonje kunja ndi pulasitiki m'kati. Chitenje n'chokhuthala mokwanira kuti munthu asaonekere m'kati. Patani iliyonse imene singasokeke popanda layining'i muisiye kaye mpaka Juni, ndipo ngati mumaopa kuima pakhomo dzuwa likuwala kumbuyo kwanu, pitikoti ya thonje yoyambira m'chiuno imakwanira.

Musanaike choko pa nsalu, ichapeni payokha ndi madzi ozizira, muiyanike pamthunzi ndi kuisita. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, mwina masentimita 3 kapena kuposerapo pa mita iliyonse, ndipo kuchapako kumachotsanso sitachi imene imaumitsa chitenje chatsopano, motero mumaona mmene nsaluyo idzagwere pathupi masiku onse. Ngakhale chitachapidwa, chitenje chimakhalabe nsalu yoima yokha ndiponso yosatamuka, ndipo apa ndi pamene zithunzi zambiri zimapusitsira anthu. Madiresi ogwira thupi amene mumawaona pa intaneti kawirikawiri amasokedwa ndi nsalu yotamuka yonga ya masikipa, ndipo mapatani ake amajambulidwa dala ochepa kuposa thupi kuti nsaluyo idzitamukire yokha. Telala akatengera sitayilo yotero pa chitenje, zotsatira zake ndi zimene munaziona. Momwemonso masitayilo ofuna nsalu yolendewera ndi kugwedezeka, monga visikozi, saoneka bwino pa chitenje chifukwa pamene pamayenera kugwa mofewa pamatukumuka.

Mlimi aliyense wa fodya kuno ndi kwanu komwe amadziwa kuti chigafa chopanda podutsa mphepo chimaoletsa fodya, ndipo diresi la m'chilimwe limafunanso polowera ndi potulukira mpweya. Umalowera kumpendero, n'kukwera ndi thupi, n'kutulukira kukhosi ndi m'mikono, ndiye paliponse pamene diresi lagwira thupi molimba, njirayo yatsekeka. Pa chifukwa chimenechi, patani imene ndimailangiza kwa wongoyamba kumene ndi ija yooneka ngati chilembo A, yokwana bwino m'mapewa ndi pachifuwa, kenako n'kumatambasuka pang'onopang'ono mpaka pansi popanda msoko wa m'chiuno. Ili ndi zidutswa zochepa, imagwirizana ndi kuuma kwa chitenje, ndipo imalekerera thupi likanenepa kapena kuwonda pang'ono. Yachiwiri ndi ya pamwamba potakasuka ndi siketi yamakwinya m'chiuno, koma muchenjere ndi kuchuluka kwa makwinyawo: pa nsalu yopyapyala anthu amaika kawiri kapena katatu muyeso wa m'mahipi, pamene pa chitenje kamodzi ndi theka n'kokwanira, chifukwa makwinya ochuluka amaunjikana m'chiuno ngati nkhata ndipo ndi pomwepo pamene thukuta limayambira. Lastiki ikhale kumbuyo kokha.

Sitayilo yothina mpaka m'mawondo n'kudzatambasuka pansi ngati mchira wa nsomba ndi ya pa ukwati, pamene ntchito yanu ndi kukhala pampando ndi kuimirira nthawi ya perekaniperekani yokha. Peplum, kansalu kotambasuka kolendewera m'chiuno pamwamba pa siketi, nayo imaika nsalu ziwiri kapena zitatu pamimba. Diresi lopitanitsa kutsogolo n'kumanga ndi zingwe pambali ndimalikonda chifukwa silifuna zipi ndipo limathandiza mayi woyamwitsa, koma mbali yam'kati iyenera kufika mpaka ku msoko wa m'mbali inayo, apo ayi kamvuluvulu wa mu Okutobala akakupezani pa bwalo la sukulu, ana adzakhala ndi nkhani ya chaka chonse.

Tsopano za m'khwapa, pamene panakuvutitsani. Anthu ambiri akamva kuti diresi likuthina pamenepa amathamangira kukumba bowo la mkono kuti litsike, koma pa diresi la mikono yochita kulumikiza zimenezi zimaonjezera vuto, chifukwa bowo likatsika kwambiri mkono wa diresi umamangika m'munsi, ndiye mukakweza dzanja diresi lonse limakwera nalo limodzi, mpendero n'kufika pamwamba pa mawondo, msoko n'kuyamba kuthetheka. Bowo labwino limakhala pafupi ndi khwapa, kusiya mpata wa zala ziwiri zokha. Malo amene amafunadi kuonjezera ndi awiri ena. Oyamba ndi kukula kwa mkono wa diresi, umene uyenera kuposa muyeso wa mkono wanu pamene pali ponenepa kwambiri ndi masentimita osachepera 5. Achiwiri ndi kumsana, pakati pa mapewa, pamene nsalu imakokeka nthawi iliyonse mukatambasulira manja kutsogolo, monga polemba pa bolodi kapena potunga madzi. Masentimita 2 oonjezera pamenepa, kapena kapindo kamodzi pakati pa msana, amasintha diresi lonse. Koma poti mwangoyamba kumene, njira yapafupi ndi kupewa mkono wochita kulumikiza. Sankhani patani imene msoko wa paphewa umangopitirira masentimita 10 mpaka 15 kudutsa phewa, motero mkono umadulidwa limodzi ndi thupi la diresi. Umaphimba phewa mokwanira kuti mulowe nawo m'tchalitchi, umasiya khwapa lili pa mphepo, ndipo mulibe msoko wokhotakhota umene umagwetsa ulesi ophunzira ambiri. Mikono yotukumuka imene yatchuka masiku ano imafuna nsalu yolimbitsira m'kati ndi lastiki pansi pake, ndipo zonse ziwirizi zimatsekera kutentha.

Khosi likhale lotseguka, la V kapena lozungulira, lopanda kolala, ndipo mulimalize ndi kansalu kopyapyala kodulidwa mopendekera, cha kungodya, m'malo mwa nsalu yomata ndi simbi ija, imene imauma ngati katoni ikanyowa ndi thukuta n'kuumanso. Khosi likakhala loti mutu ukudutsa bwinobwino, diresi la A silifunanso zipi, koma poyesa mukumbukire masiku amene mumakhala mutaluka tsitsi kapena kuika meshi. Kutalika kwake n'kwa inu. Mayi anu amene anakusiyirani makinawo ankasoka m'nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, ndipo ngakhale lamulolo linatha pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ku sukulu ndi kutchalitchi maso a anthu akadali pomwepo. Muyese kutalika mutakhala pampando, popeza diresi limakwera munthu akakhala, ndipo masentimita 10 kupitirira bondo mutaimirira nthawi zambiri amakwanira.

Mwafunsa kuti patani muipeza kuti. Yabwino koposa mwina ili kale m'sutikesi mwanu. Pafupifupi mayi aliyense ali ndi diresi limodzi, kaya la pa kaunjika kaya losoketsa kalekale, limene amalithamangira tsiku lotentha ngakhale litasuluka. Ngati ndi la nsalu yosatamuka, limenelo ndiye patani yoyesedwa kale pa thupi lanu. Likakhala lotha ntchito, lisomoleni misoko mosamala, musite zidutswazo n'kuzijambula pa pepala la khaki kapena pa nyuzipepala zolumikiza. Likakhala loti mukulifunabe, litembenuzeni, mulipinde pakati, mulikhomere ndi mapini pa pepala n'kutsata misoko yake ndi pensulo, kutsogolo pakokha ndi kumbuyo pakokha, kenako muonjezere sentimita imodzi ndi theka kuzungulira ya msoko ndi masentimita 3 a mpendero. Chovuta pang'ono ndi timapindo ta pachifuwa timene atelala amati madati, chifukwa nsalu yobisika m'kati mwake iyenera kubwezeredwa pa pepala; yesani kuya kwake ndi tepi, mudule pepalalo pamenepo n'kulitsegula ndi muyeso womwewo kawiri.

Mapatani ochita kugula aliponso, ndipo si a dzulodzulo. Ebenezer Butterick wa ku America anayamba kugulitsa mapatani a mapepala a masaizi osiyanasiyana mu 1863, ndipo magazini ya Burda ya ku Germany inayamba kutuluka mu 1950. Wachibale wa ku Joni akakubweretserani a Butterick, Simplicity kapena McCall's, chithunzi cha kutsogolo kwa envulopu musachikhulupirire kwambiri. Tembenuzani muone kachithunzi kojambula ndi mizere yokha, kamene kamaonetsa pamene pali misoko, madati ndi zipi, ndipo muwerenge mndandanda wa nsalu zimene patani ikufuna. Ikatchula thonje kapena linen, chitenje chidzalola, koma ikanena kuti ndi ya nsalu zotamuka zokha, ibwezereni mu envulopu. Mapatani a makampani a ku America amenewa amakhala ataika kale sentimita imodzi ndi theka ya msoko, pamene a m'magazini ya Burda mumayenera kuonjezera nokha, ndipo amene waiwala zimenezi amapeza diresi lachepa ndi masentimita 6 kuzungulira thupi pa misoko iwiri yam'mbali yokha. Kumbukiraninso kuti chilimwe cha ku Ulaya chimabwera ndi timikono ta zingwe ndi misana yapamtunda, choncho masitayilo ambiri olembedwa kuti ndi a nyengo yotentha mudzafunika kuwatalikitsa kapena kuwaika mikono. Pa intaneti palinso mapatani oti mukapulinte pa mapepala a A4 ku boma n'kuwalumikiza ndi selotepi. Muwauze opulintawo kuti asachepetse kapena kukulitsa, pakhale pa 100 peresenti, ndipo muyambe ndi tsamba lokhala ndi kabokosi koyesera. Tepi ikasiyana ndi muyeso wolembedwa pa kabokosiko, masamba enawo, amene nthawi zina amapitirira 30, musawalipirire.

Saizi ya pa patani ndi yosiyana ndi nambala ya pa zovala za m'sitolo kapena za pa kaunjika, motero muiwale kuti mumavala nambala yanji ndipo mutenge tepi. Wina akuyeseni mutavala chamkati chimene mudzavalire diresilo, mutaima mwachibadwa, mukupuma bwinobwino. Pakufunika muyeso wa pamwamba pa mabere podutsa m'khwapa, wa pachifuwa pamene pali potukuka kwambiri, wa m'chiuno, wa m'mahipi, wa kuchokera paphewa kufika m'chiuno, ndi kutalika kwa diresi lonse. Mugwiritse mbali imodzi ya tepi, chifukwa inchi imodzi ndi masentimita 2.54 ndipo kusakaniza ziwirizi kwaonongetsa nsalu zambiri. Amayi ambiri a kuno sakwana mu saizi imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mwachitsanzo, pa tebulo la Burda saizi 42 ndi ya chifuwa cha masentimita 96 ndi mahipi a 102, pamene saizi 46 ndi ya chifuwa cha 104 ndi mahipi a 110. Mayi wa chifuwa cha 96 ndi mahipi a 110 akasankha 46 kuti mahipi akwane, mapewa amagwa ndipo khosi limayasama. Choyenera ndi kutsata mzere wa 42 m'mapewa ndi pachifuwa, n'kutuluka pang'onopang'ono kukakumana ndi mzere wa 46 m'mahipi. Mapewa ndiwo ovuta kukonza diresi likasokedwa, pamene m'mbali mumangobweza kapena kutulutsa msoko. Mapatani ambiri a ku America amajambulidwa poganizira kuti muyeso wa pachifuwa umaposa wa pamwamba pa mabere ndi masentimita pafupifupi 5, ndiye ngati inu kusiyanako n'kwakukulu, sankhani saizi potengera muyeso wapamwambawo n'kuonjezera malo kutsogolo kokha pokulitsa dati. Pa miyeso yonseyi diresi liyenera kuposa thupi: masentimita 5 pachifuwa ndi m'mahipi ndiwo ochepetsetsa kuti munthu apume ndi kukhala pansi, koma la m'chilimwe ndimaliika pa 8 mpaka 10.

Mamita 4 anuwo ndi ochuluka, koma maluwa a pa chitenje ndiwo amalamula kadulidwe. Chitenje chimakhala ndi mulifupi wa masentimita pafupifupi 115. Mukadula motsata utali wa nsalu, diresi la masentimita 110 limadya utaliwo kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kuphatikiza mpendero ndi tinsalu ta kukhosi mudzafuna pafupifupi mamita awiri ndi theka. Atelala ambiri amadula mopingasa, mulifupi wa chitenje n'kukhala utali wa diresi, ndipo mwa njira imeneyi chitenje cha mamita 2 chimatha kutulutsa diresi lonse ngati mwini wake si wamtali kwambiri. Njira zonse ziwiri n'zololeka, malinga zidutswa zonse zidulidwe moyang'ana kumodzi. Yalani chitenjecho pa mkeka, muime patali n'kuona ngati maluwawo ali ndi mutu ndi miyendo. Ndinaonapo diresi la wophunzira wanga wina limene mbalame za kutsogolo zinkauluka kupita kumwamba, za kumbuyo zikugwa chamutu. Maluwa akakhala akuluakulu amafuna patani ya misoko yochepa, chifukwa msoko uliwonse umadula duwa pakati, ndipo ichi ndi chifukwa china chokondera diresi la A. Musanadule, dzikulungeni nsaluyo pagalasi kuti muone pamene zozungulira zazikulu zikugwera, kuti pasapezeke chimodzi pa bere lililonse kapena chimodzi chachikulu pakati pa matako.

Makina anu opalasa amasoka msoko wowongoka wokha, ndipo pa chitenje palibe china chofunika. Popeza mulibe ovaloko, makina omalizira m'mphepete mwa nsalu kuti musasomoke, ndiponso simuika layining'i, misoko yam'mbali ndi ya paphewa muisoke kawiri: koyamba nsalu zitayang'anizana mbali zam'kati, pafupi ndi m'mphepete, kenako mutembenuze, musite, n'kusokanso kuti m'mphepete mosomokamo mubisike m'kati mwa msoko. Msoko wotere sukanda khungu ndipo umapirira kuchapidwa pa mwala.

Chitenje cha mlamu wanucho chikanakhala patebulo langa, ndikanadula diresi la A la mikono yodulira limodzi, khosi la V losatsika kwambiri, madati awiri pachifuwa ndi thumba limodzi m'msoko wa m'mbali loikamo foni ndi choko, ndipo mita ndi theka yotsalayo ikanatulutsa duku ndi kasiketi ka mwana. Koma musanachikhudze ndi sizasi, gulani nsalu yoyala pabedi ya thonje pa kaunjika pa Kamwendo pompo, mudule patani yanu pa imeneyo n'kuilumikiza ndi msoko wautaliutali wosavuta kusomola, popanda mpendero kapena kumaliza khosi. Muivale masana dzuwa likuswa mtengo, mukweze manja onse awiri ngati mukulemba pamwamba pa bolodi, muwerame ngati mukusesa, mukhale pa mpando waufupi ndiponso pa kaliyala ya njinga. Paliponse pamene pakoka kapena papanga mizere yopingasa, wina alembepo ndi choko, ndipo zosinthazo muzibwezere pa pepala lija tsiku lomwelo, mulembenso deti ndi miyeso yanu pa chidutswa chilichonse musanachipinde.